Makina Oyerekeza Zolembedwa ndi Kalembedwe ka M'malire a Mchinji

Munthu wochokera pa boma la Mchinji akawoloka chipata cha Mwami n'kukafika ku Chipata, sasowa womumasulira. Chilankhulo chimene amagulira chimanga tsidya lino ndi chomwecho chimene amagulira chimanga tsidya ilo. Koma akatsegula buku losindikizidwa ku Zambia, maso ake amayamba kupunthwa. Pamene adazolowera kuona "chifukwa" amapeza "cifukwa", pamene adaphunzira kulemba "ntchito" amapeza "nchito", ndipo dzina la chilankhulocho limalembedwa "Cinyanja". Mabuku a mbali zonse ziwiri akhala akuwoloka malire amenewa kwa zaka zoposa zana limodzi. Mishoni ya Kachebere, imene ansembe a White Fathers adatsegula mu 1903, ili m'malire momwemo, ndipo seminale yake yaikulu, imene idayamba mu 1939, idaphunzitsa ansembe a maiko onse awiri. Motero si chachilendo kupeza m'nyumba imodzi ya ku Mchinji buku limodzi lomwelo lili m'makalembedwe awiri kapena atatu.

Kale mkonzi kapena mphunzitsi wofuna kudziwa ngati mabuku oterewa akunena chinthu chimodzi ankawayala patebulo, chala china pa buku ili, china pa buku ilo, n'kumatsata mzere ndi mzere. Nthawi zina ankagwira ntchitoyi anthu awiri, wina akuwerenga mokweza, mnzake akutsatira m'buku linalo. Masiku ano kuli mapulogalamu a pakompyuta amene amachita ntchito imeneyi m'kanthawi kochepa. Amalandira makope awiri kapena ambiri a nkhani imodzi, nawayika moyang'anizana, n'kuonetsa ndi utoto pamene pali kusiyana. Funso loyenera kwa olemba, akonzi ndi aphunzitsi a Chichewa ndi lakuti, kodi zimene mapulogalamuwa amaonetsa n'zodalirika motani akapatsidwa mabuku onga aja opezeka ku Mchinji?

Yankho lake ndi lakuti mapulogalamuwa ndi othandiza ndithu, koma amaona malembo okha, ndipo sadziwa kuti lembo limodzi likhoza kuyimira maliwu osiyana m'makalembedwe osiyana. Akagwiritsidwa ntchito popanda ndandanda ya makalembedwe yokonzedwa ndi anthu odziwa chilankhulo, amasokeretsa m'njira ziwiri. Nthawi zina amadzaza tsamba lonse ndi kusiyana kopanda phindu, kotero kuti kusiyana kwenikweni kumamira. Nthawi zina, akauzidwa kuti asalabadire kalembedwe, amabisa zinthu zimene katswiri wa chilankhulo amafunitsitsa kuziona.

Kumene makinawa adachokera

Luso loyerekeza makope ndi lakale kuposa kompyuta. Akatswiri a zolembedwa zakale za Chigiriki ndi Chilatini adaligwiritsa ntchito pofuna kudziwa mawu amene mlembi woyamba adalemba, popeza okopera pamanja ankalakwitsa, kudumpha mizere ndi kuwonjezera zawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Charlton Hinman wa ku America adapanga makina a magalasi ndi nyale zothwanima. Masamba awiri akayikidwa m'makinawo ankaoneka ngati tsamba limodzi, ndipo pamene panali kusiyana pankaoneka ngati pakugwedezeka. Ndi makina amenewa Hinman adayerekeza makope 55 a buku loyamba lalikulu la masewero a Shakespeare, nafalitsa zimene adapeza mu 1963. Makinawo ankathandiza pokhapokha makopewo atachokera m'chisindikizo chimodzi, pamene mizere imagwa pamalo amodzimodzi.

Kompyuta itabwera, akatswiri a ku Bell Laboratories adalemba pulogalamu yotchedwa diff, imene James Hunt ndi Douglas McIlroy adafotokoza kagwiridwe kake ka ntchito mu 1976. Cholinga chake chidali kuthandiza olemba mapulogalamu kuona mizere imene yasintha. Njira yoyerekeza zikalata ziwiri imene ili mu Microsoft Word, imene akonzi ambiri amaidziwa, imagwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Kwa olemba mapulogalamu kusintha kwa lembo lililonse n'kofunika mofanana, ndipo khalidwe limeneli mapulogalamu oterewa adalisunga.

Amene adaona msanga kuti zolembedwa za anthu zimafuna njira ina adali akatswiri a mabuku olembedwa pamanja ku Ulaya. Peter Robinson adalemba pulogalamu yotchedwa Collate ku Oxford chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pambuyo pake idagwiritsidwa ntchito pa nthano za Chaucer, zimene zili m'makope akale oposa 80. Alembi a nthawi ya Chaucer adalibe malamulo amodzi a kalembedwe, motero liwu limodzi linkalembedwa m'njira zambirimbiri. Robinson adapatsa mkonzi mwayi wouza pulogalamuyo kuti malembedwe akutiakuti ndi liwu limodzi, koma malembedwe oyambawo n'kusungidwa. Mu 2009 olemba mapulogalamu a CollateX ndi Juxta adakumana ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, nagwirizana zogawa ntchito yoyerekeza m'magawo asanu: kudula zolembedwa m'timagawo ting'onoting'ono, kufananitsa malembedwe, kundandalika timagawoto moyang'anizana, kusanthula zotsatira, ndi kuzionetsa kwa wowerenga. Omasulira Baibulo nawo ali ndi pulogalamu yawo, Paratext, ya mabungwe a United Bible Societies ndi SIL, imene imayerekeza zolembedwa potsata manambala a mitu ndi ndime.

Pa magawo asanu aja, awiri oyambawo ndiwo amene Chichewa chimavutikirapo. Onse awiri amadalira malamulo a kalembedwe, ndipo malamulowo makina sabadwa nawo.

Makalembedwe amene amakumana ku Mchinji

Chitsanzo chabwino ndi Baibulo, popeza ndilo buku limene lasindikizidwa kambiri m'chilankhulochi. Buku Lopatulika, limene ntchito yomasulira yake idatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, lidatuluka mu 1922. Kalembedwe ka m'makope ake akale kamagwiritsa ntchito c pamene Malawi wa lero amalemba ch. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Buku Loyera, limene mipingo ya Chikatolika ndi ya Chipulotesitanti idagwirira pamodzi, lidatuluka mu 1998. Mu 2014 bungwe la Bible Society of Malawi lidatulutsanso Buku Lopatulika m'kalembedwe katsopano.

M'kati mwa zaka zimenezi malamulo adasintha. Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko la Malawi mu 1968. Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Litathetsedwa mu 1995, ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba mu 1996. Ku Zambia, Unduna wa Zamaphunziro udavomereza kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dzikomo, kamene kadasindikizidwa mu 1977, ndipo Cinyanja chidasunga c. N'chifukwa chake nthano za Julius Chongo zimene zinkamveka pa wailesi ya Zambia zimalembedwa "Poceza m'Madzulo", pamene Mmalawi akadalemba "Pocheza". Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la CASAS la ku Cape Town lidasonkhanitsa akatswiri a Malawi, Mozambique ndi Zambia kuti akonze kalembedwe kamodzi, koma mabuku amene adasindikizidwa kale adakhala momwe adalili. Mkonzi woyerekeza makope amagwira ntchito ndi mabuku amenewo, monga momwe adasindikizidwira.

Msampha wa c, ch ndi tch

Wina angaganize kuti vutoli n'lapafupi: kungouza kompyuta kuti c ndi ch ndi chinthu chimodzi. Apa ndi pamene ambiri angagwe. Chichewa chili ndi maliwu awiri oyandikana, lina lopanda mpweya, lina la mpweya. Malawi amalemba loyambalo ch, lachiwirilo tch. Kalembedwe ka ku Zambia ndi ka makope akale aja kamalemba loyambalo c, lachiwirilo ch. Motero ch alipo m'makalembedwe onse awiri, koma akuyimira maliwu osiyana.

Aneni awiri akusonyeza bwino kuopsa kwake. M'Malawi "kucha" ndi kutuluka kwa dzuwa m'mawa, pamene "kutcha" ndi kupatsa dzina kapena kukonza msampha. Tsidya lina la Mwami mneni woyambayo amalembedwa "kuca", wachiwiriyo "kucha". Pulogalamu ikapeza "kucha" m'kope la ku Chipata ndi "kucha" m'kope la ku Lilongwe, imanena kuti palibe kusiyana, chonsecho ndi aneni awiri osiyana. Ikapeza "kucha" m'kope la ku Chipata ndi "kutcha" m'kope la ku Lilongwe, imayika chizindikiro chakuti pali kusiyana, chonsecho ndi mneni mmodzi. Pa malo onse awiri yanama, ndipo bodza loyambalo n'loopsa koposa chifukwa silioneka. Pamene makina sadayike utoto, mkonzi sayang'anapo.

Ngakhale kusandutsa kalembedwe kena kuti kakhale kanzake kumafuna dongosolo. Woyamba kusintha c aliyense kukhala ch adzawononga mawu onse amene adali kale ndi ch, ndipo "nchito" idzasanduka "nchhito". Njira yoyenera ndi kuyamba ndi ch kumusandutsa tch, kenako c wotsalayo kumusandutsa ch. Koma lamuloli nalo lili ndi malire. Maina a malo sadatsate kalembedwe ka 1977: Chipata ndi Chadiza amalembedwa ndi Ch ku Zambia komweko, ndipo ndalama ya maiko onse awiri imalembedwa "kwacha". Pulogalamu yotsata lamulo mwachimbulimbuli idzalemba "Tchipata" ndi "kwatcha". Kuwonjezera apo, anthu ambiri a m'malire adaphunzira mbali ina n'kumagwira ntchito mbali ina, ndipo makalata awo amasakaniza makalembedwe onse awiri patsamba limodzi. Pa zolembedwa zotere palibe lamulo limodzi limene lingagwire ntchito, koma kuti munthu aweruze liwu ndi liwu.

Chimodzimodzi ndi l ndi r. Lamulo lodziwika m'sukulu za m'Malawi ndi lakuti r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu "kulira" ndi "kubwera". Mabuku ena a ku Zambia amalemba l paliponse, monga "kuphunzila". Wouza kompyuta kuti isinthe l aliyense wotsatira i kapena e adzapeza "chirankhulo", "mirandu" ndi "ziri", pakuti makina sadziwa pamene mphatikiri wathera ndi pamene tsinde layambira. Chosokoneza china n'chakuti mabuku akale adalembadi "mirandu" ndi "ziri". Motero cholakwa cha makina chikhoza kuoneka ngati umboni wakuti kope ndi lakale.

Kudula mawu

Gawo loyamba la ntchito, lodula zolembedwa m'timagawo, limaoneka losavuta. Mapulogalamu ambiri amati liwu ndi malembo amene ali pakati pa mipata iwiri. Koma malo a mpata ndiwo akhala akusinthasintha kwambiri m'mbiri ya kalembedwe ka Chichewa. Kope lina limalemba "ku mudzi", lina "kumudzi". Lina limalemba "wa nzeru", lina "wanzeru". Pamene kope lina lili ndi mawu awiri ndipo linzake lili ndi liwu limodzi, pulogalamu imanena kuti liwu lina lachotsedwa ndipo lina lasinthidwa. Zoterezi zikachuluka m'chiganizo chimodzi, kundandalika kumasokonekera, ndipo mawu amayikidwa moyang'anizana ndi mawu amene si anzake.

Nkhodolero nayo ili ndi mavuto ake. M'Chingerezi ndi m'Chifalansa kawirikawiri imasonyeza kuti lembo lachotsedwa, motero mapulogalamu ena amadula liwu pamene ayipeza, ena amangoitaya ngati chizindikiro wamba. M'Chichewa imagwira ntchito ziwiri. Mu "m'nyumba" ndi "n'kupita" ikusonyeza kufupikitsa. Mu "ng'ombe" ndi "pang'ono" ndi gawo la lembo, ndipo ikachotsedwa liwu limasintha. Ku Mchinji, kumene kuli Achewa ndi Angoni, aliyense amadziwa kuti ng'oma ndi choyimbira pamene ngoma ndi gule. Pulogalamu yotaya nkhodolero imaona mawu awiriwa ngati liwu limodzi. Komanso kompyuta ili ndi nkhodolero yowongoka ndi yopindika, zimene m'maso mwa munthu ndi chimodzi koma kwa makina ndi zizindikiro ziwiri. Kope lotayipidwa pa makina ena likhoza kusiyana ndi linzake pa "ng'ombe" iliyonse popanda lembo limodzi losinthidwa.

Lembo ŵ, limene limapezeka m'mabuku ena ndi kusowa m'mabuku ena, lili ndi vuto lofanana. Kompyuta ikhoza kulisunga ngati chizindikiro chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachipewa kapadera. Poŵerenga palibe kusiyana, koma poyerekeza kulipo. Ndipo masamba a mabuku akale akajambulidwa kuti makina awaŵerenge okha, kachipewako kamatayika kapena kusanduka chizindikiro china. Woyerekeza makope ojambulidwa motere ayenera kukumbukira kuti zina mwa zosiyana zimene akuona zidalowa pojambulapo, ndipo m'mabukumo mulibe.

Kuyeza kukula kwa kusiyana

Pofuna kudziwa ngati mawu awiri ndi oyandikana, mapulogalamu ambiri amawerenga malembo amene ayenera kuwonjezedwa, kuchotsedwa kapena kusinthidwa kuti liwu lina lisanduke linzake. Njira imeneyi adaifotokoza Vladimir Levenshtein mu 1965. Pa muyeso umenewu "mau" ndi "mawu" amasiyana ndi lembo limodzi. Kusiyana kumeneku n'kwa kalembedwe chabe, ndipo kukuoneka ngakhale pa zikuto za mabuku: Buku Lopatulika limatchedwa "Mau a Mulungu", pamene Baibulo la bungwe la Biblica limatchedwa "Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero". Koma "adzabwera" ndi "sadzabwera" nawonso amasiyana ndi lembo limodzi. 

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mneni wa Chichewa. Liwu limodzi limanyamula wochita, nthawi, wochitidwa ndi msintho. Zimene Chingerezi chimanena ndi mawu anayi kapena asanu, Chichewa chimanena ndi liwu limodzi monga "adzatiphikira". Pulogalamu yoyerekeza liwu ndi liwu imapaka utoto mneni yense osasonyeza kuti chasintha n'chiyani. Yoyerekeza lembo ndi lembo imasonyeza kachidutswa kakang'ono kamene diso lotopa likhoza kukadumpha. 

Mphatikiri wa nthawi yakale ndi chitsanzo china. Buku Lopatulika limasimba zakale ndi -na-, pamene Buku Loyera limagwiritsa ntchito -da-, amene sukulu za m'Malawi zidaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti ndiye woyenera pa zinthu zimene zidachitika kalekale. Kodi "anapita" ndi "adapita" ziwerengedwe ngati kusiyana kwa kalembedwe, kwa kayankhulidwe ka dera, kapena kwa tanthauzo? Yankho limadalira buku ndi chiganizo. Vuto limakula chifukwa "anapita" yemweyo amatchulidwa m'njira ziwiri, malinga ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo njira iliyonse ili ndi nthawi yake. Kalembedwe ka masiku onse sikasonyeza kukwera ndi kutsika kumeneku, motero makina alibe poonera.

Kufananitsa kumene kumafafaniza umboni

Atatopa ndi tsamba lodzaza utoto, mkonzi amakopeka kuti auze pulogalamu mawu ambiri amene isawawerengere. Apa ndi pamene pali ngozi yachiwiri. Makope akale a Buku Lopatulika amalemba "wace" ndi "cace" pamene kope la 2014 limalemba "wake" ndi "chake". Potsata lamulo la c, "wace" ayenera kukhala "wache". Kuchoka pa "wache" kufika pa "wake" ndiye kuti katchulidwe kena kasiyidwa, kena n'kusankhidwa, ndipo nkhaniyo yapitirira malembo. Mkonzi amene angauze makina kuti "wace" ndi "wake" ndi liwu limodzi adzapeza tsamba loyera, koma adzakhala atabisa umboni wa mmene omasulira a 1922 adamvera anthu akuyankhula. Kwa wokonza kope loti liwerengedwe m'tchalitchi, mwina izi zilibe kanthu. Kwa wolemba mbiri ya chilankhulo, umenewu ndiwo umboni umene amaufuna.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabuku ena. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, lidatuluka mu 1933, zaka makumi anayi malamulo a 1973 asadalembedwe. Wofuna kusindikizanso buku la nthawi imeneyo kuti liwerengedwe m'sukulu ayenera kusintha kalembedwe kake, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Cholakwa chimadza pamene dzanja lokonza malembo layamba kukonzanso mawu a mlembi, kuchotsa liwu la kwawo n'kuyikapo lofala, popanda kuuza wowerenga. Apa pulogalamu yoyerekeza ndi yamtengo wapatali, pakuti ikapatsidwa kope loyamba ndi kope lokonzedwa imaulula paliponse pamene mkonzi adapitirira malire. Koma imatero pokhapokha ndandanda ya zosalabadira ili yaifupi, yolembedwa poyera, ndiponso yokhudza malembo okha.

Makope ndi mamasulidwe

Pali kulakwitsa kwina kumene mapulogalamuwa saletsa. Buku Lopatulika la kalembedwe kakale ndi la 2014 ndi makope a ntchito imodzi, ndipo n'koyenera kuwayerekeza liwu ndi liwu. Buku Lopatulika, Malembo Oyera ndi Buku Loyera ndi mamasulidwe atatu, aliwonse ochokera kwa anthu ake ndi mfundo zake. Pulogalamu idzawalandira mosakana, koma pafupifupi liwu lililonse lidzapakidwa utoto, ndipo kuchuluka kwa utotowo sikuphunzitsa kanthu. Zimene zikusiyanitsa mabukuwa ndi zosankha za omasulira. Pa dzina la Mulungu m'Chipangano Chakale, loyambalo lili ndi "Yehova", lachiwirilo "Yahve", lachitatulo "Chauta". Pamene loyambalo likuti "chisomo", Akatolika adazolowera "chaulere", ndipo Buku Loyera limakonda kunena za kukoma mtima kwa Mulungu. Makina angathandize kupeza ndime zonse zimene muli mawuwa ndi kuziyika pamzere umodzi. Kufotokoza chifukwa chimene omasulira a 1998 adasankhira dzina limene Achewa ankatchulira Mulungu amishoni asadafike ndi ntchito ya munthu wodziwa chipembedzo cha makolo ndi mbiri ya mipingo.

Zoyenera kuchitika

Zonsezi sizikutanthauza kuti akonzi abwerere ku njira ya chala ndi tebulo. Diso la munthu limatopa, ndipo limawerenga zimene likuyembekeza kuona. Makina sadumpha mzere. Chimene chikusoweka ndi chida chimene olemba mapulogalamu a ku Ulaya sangachikonze, ndicho ndandanda ya makalembedwe a Chichewa. Ndandandayo iyenera kusonyeza, pa liwu lililonse la chilankhulo, mmene lidalembedwera m'mabuku a mishoni, m'malamulo a 1973, 1980 ndi 1990, ndi m'kalembedwe ka Zambia ka 1977. Iyenera kutchula dongosolo la kasinthidwe, ndi maina amene satsata lamulo. Iyeneranso kulekanitsa magulu atatu: kusiyana kwa malembo okha, monga "mau" ndi "mawu"; kusiyana kwa katchulidwe kapena kwa dera, monga "wache" ndi "wake"; ndi kusiyana kwa mawu enieni. Gulu loyamba lokha ndilo makina angaloledwe kulibisa. Ntchito yotere ndi ya mabungwe oyang'anira chilankhulo ndi mayunivesite a maiko onse awiri, ndipo idzakhala yoperewera ngati aphunzitsi a m'malire, amene amaona makalembedwe onsewa m'makope a ana asukulu, sadzafunsidwa.

Poyembekezera ndandandayo, mkonzi aliyense akhoza kutsata mfundo zinayi. Choyamba, kope lililonse litayipidwe monga momwe lidasindikizidwira, ndipo kope limenelo lisakhudzidwenso. Kusintha konse kuchitike pa kope lachiwiri. Chachiwiri, asadayerekeze adziwe kalembedwe ka kope lililonse, makamaka chimene ch akuyimira m'menemo. Chachitatu, ayerekeze kawiri, koyamba popanda kubisa kanthu, kachiwiri atabisa za malembo okha. Chachinayi, alembe m'mawu oyamba a bukulo malamulo amene adatsata, kuti wodza pambuyo pake athe kubwereza ntchitoyo ndi kumutsutsa ngati adalakwa.

Kwa mphunzitsi phunziro lake ndi lapafupi. Mwana amene adayamba sukulu ku Chipata n'kudzapitiriza ku Mchinji akalemba "nchito", akutsata lamulo limene adaphunzitsidwa. Afunika kuonetsedwa kuti lamulo la kuno ndi lina, ndi kufotokozeredwa pamene malamulo awiriwo amapatukira. Mphunzitsi wongoyika mtanda wofiira pa liwulo wachita zimene pulogalamu imachita ikapanda kuuzidwa kalembedwe ka kope limene yapatsidwa.